Kunyamuka pa Lusaka pandege: mukwere ya kampani iti?

Amene anakulira mu Lusaka m'zaka za m'ma 1980 amakumbukira Nkwazi, ndege yaikulu ya mtundu wa DC-10 imene Zambia Airways yakale inkaulutsa kupita ku London ndi ku New York, ndipo amakumbukiranso mmene kampaniyo inatsekedwera mu Disembala 1994 itamira m'ngongole. Ena anabwera pambuyo pake, nawonso n'kupita. Zambian Airways inaimika ndege zake mu Januwale 2009, Zambezi Airlines inaimitsidwa mu 2011, Air Malawi inathetsedwa mu 2013, Air Namibia mu 2021, ndipo Comair ya ku South Africa, imene inkatera ku Livingstone, inagwa mu Juni 2022. Ndayamba ndi mndandanda wa maliro amenewa chifukwa ukuonetsa chinthu chimene otsatsa malonda satchula: kuno kwathu, wogula tikiti ayenera kudzifunsa kuti ndege ikapanda kubwera adzatani. Matikiti awiri opita ku Johannesburg tsiku limodzi angasiyane pang'ono pamtengo, koma pa funso limeneli angatalikirane kwambiri.

Miyeso inayi yoyezera

Mtengo weniweni wa ulendo ndi ndalama zonse zimene zimatuluka m'thumba kuchokera pakhomo panu kukafika pakhomo la kumene mukupita. Pa nambala imene mwaona pa intaneti muwonjezerepo katundu wopitirira muyeso, ndalama yosinthira tsiku, takisi kapena Yango yokufikitsani ku bwalo la Kenneth Kaunda, lomwe lili makilomita oposa 20 kuchokera m'tauni, ndiponso malo ogona ngati mudzadikira ndege yachiwiri usiku wonse m'dziko la eni. Zifukwa zimene matikiti athu amadulira n'zodziwika. Lendi ya ndege, masipeyala ndi inshuwalansi amalipira m'madola, choncho kwacha ya Zambia ikagwa, monga mu 2024 pamene dola imodzi inapitirira K27, tikiti imakwera nthawi yomweyo. Mafuta a ndege amabwera pamsewu m'magalimoto a matanki kuchokera ku madoko monga Dar es Salaam ndi Beira. Misonkho ndi ndalama za bwalo zimalowanso mu tikiti momwemo, ndipo nyumba yatsopano ya apaulendo imene inatsegulidwa mu Ogasiti 2021 inamangidwa ndi ngongole ya ku China ya madola pafupifupi 360 miliyoni, imene sidzibweza yokha.

Kupezeka kwa ndege kumayezedwa ndi mafunso awiri: imauluka kangati pa mlungu panjira yanuyo, ndipo kampaniyo ili ndi ndege zingati? Funso lachiwirili limalumikizana ndi kasamalidwe. Ndege iliyonse imayang'anidwa tsiku ndi tsiku, koma ikakwanitsa maola ake a m'mlengalenga imayenera kulowa m'garaja kwa milungu ingapo kuti mainjiniya aimasule mbali zambiri. Kampani ya ndege 60 simva kanthu imodzi ikachokapo, pamene kampani ya ndege ziwiri imakhala itataya theka la ntchito yake. Mbalame imodzi yokha ikalowa mu injini ponyamuka, ulendo wa tsiku limenelo ndi wa mawa lake ungaime kudikira sipeyala yochokera kunja.

Pa zoopsa, ambirife maganizo amathamangira ku Gabon mu Epulo 1993, pamene timu ya mpira ya dziko lino la Zambia inathera m'nyanja pafupi ndi Libreville, kapena ku nkhalango ya Chikangawa mu Juni 2024, kumene wachiwiri kwa pulezidenti wa Malawi, Saulos Chilima, anamwalira pamodzi ndi anthu ena 8. Ndege ziwiri zonsezo zinali za asilikali, zimene siziyendera malamulo a ndege zonyamula anthu olipira. Ndege za malonda kuno zimayang'aniridwa ndi bungwe la Civil Aviation Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2012, ndipo Zambia, imene makampani ake analetsedwa kutera ku Ulaya kuyambira mu 2009, inachotsedwa pa mndandanda umenewo mu Juni 2016 kayang'aniridwe katakonzedwa. Zoopsa zimene zimagwera wapaulendo kawirikawiri ndi zina: ulendo kulephereka, kusiyidwa ndi ndege yachiwiri, katundu kusochera, kapena kampani kugwa muli ndi tikiti yake m'manja.

Chimodzi mwa izi chinandigwera mwa kufuna kwanga. Chaka china ndinkapita ku msonkhano wa ntchito kudzera ku Johannesburg, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama ndinagula matikiti awiri osiyana kwa makampani awiri. Ndege yoyamba inachedwa maola atatu chifukwa cha mvula ya mabingu. Nditafika pa kauntala ya kampani yachiwiri, thukuta lili kamukamu, mayi amene anali pamenepo anayang'ana pa kompyuta n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani bambo, ndege yanu yapita, ndipo kwa ife inuyo mwangojomba." Ndinagona pa benchi nditatsamira chikwama, m'mawa n'kugula tikiti ina imene inameza zonse ndinkati ndapulumutsa. Ndikanagula ulendo wonse pa tikiti imodzi, udindo wondifikitsa ukanakhala wawo.

Proflight Zambia

Kampaniyi, imene si ya boma, inayambitsidwa mu 1991 ndi Tony Irwin, amene kale ankayendetsa ndege za Zambia Airways, ndipo yapulumuka maliro onse ndatchula aja.

Mtengo: Mukawerengera pa kilomita, maulendo ake a m'dziko muno ndi odula. Ndege zake zambiri ndi zazing'ono, Jetstream 41 ya mipando 29 ndi CRJ ya mipando 50, choncho ndalama ya mafuta ndi ya oyendetsa imagawidwa pa mitu yochepa. Komanso ambiri okwera ndi alendo okaona nyama ndi antchito a kumigodi olipiridwa ndi makampani awo, anthu amene sanenerera mtengo. Wogula kudakali milungu ingapo amapeza mipando yotsikirapo, koma yotsikayo ndi imene imavuta kusintha tsiku. Safunsa anadya phula: werengani malamulo a tikitiyo musanalipire.

Kupezeka: Apa ndi pamene yagona mphamvu yake. Imafika ku Ndola, Livingstone, Solwezi, Mfuwe, Mansa ndi Kasama, ndipo kunja imapita ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Ku Ndola, ulendo wosakwana ola limodzi, mungathe kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Ife a kum'mawa tisanyengeke ndi dzina la Mfuwe, chifukwa bwalo limenelo linamangidwira nkhalango ya South Luangwa, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku Chipata patsala makilomita pafupifupi 100 a pamsewu. Wopita ku Katete kapena ku Petauke ndiye sapindula nalo n'komwe.

Kasamalidwe: Ili ndi garaja yakeyake pa bwalo la Lusaka pomwepa, choncho vuto laling'ono limatha msanga. Koma mitundu ya ndege zakezi inasiya kupangidwa, Jetstream 41 mu 1997 ndipo CRJ200 mu 2006. Ukalamba wa ndege pawokha si ngozi ngati ikuyang'anidwa motsatira malamulo, koma masipeyala ake amanka navuta kupeza.

Zoopsa: Malo a katundu ndi ochepa, moti chikwama cha m'manja chimene chimalowa bwinobwino m'ndege yaikulu pano amakulandani pamakwerero. Masana a mu Okutobala, kunja kukatentha, ndege yaing'ono imagwedezeka ndithu, ndipo amene ali ndi mtima wamantha asankhe ya m'mamawa. Zinthu zitavuta, palibenso boma limene lili kumbuyo kwake.

Zambia Airways yatsopano ndi Malawi Airlines

Ndawaika pamodzi chifukwa nkhoswe yawo ndi imodzi, Ethiopian Airlines. Mu Zambia Airways, boma kudzera mu kampani yake ya Industrial Development Corporation lili ndi magawo 55 pa 100 ndipo Ethiopian ili ndi 45; ndege yake yoyamba inauluka pa 1 Disembala 2021 kupita ku Ndola. Mu Malawi Airlines, imene inayamba mu Januwale 2014, boma la Malawi lili ndi magawo 51 ndipo Ethiopian 49.

Mtengo: Onse awiri amagwiritsa ntchito Dash 8-400, ndege ya mapulopela yonyamula anthu pafupifupi 70, imene simwa mafuta ambiri pa maulendo afupiafupi. Phindu lalikulu limene Zambia Airways inabweretsa ndi lakuti panjira za Ndola ndi Livingstone munthu anapeza mtengo wachiwiri woyerekezera. Amene mukugulira tikiti m'bale wa ku Malawi, yang'anani mtengo wa mbali zonse ziwiri, chifukwa kumeneko ndalama zakunja zakhala zikusowa ndipo kwacha yawo inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zomwe zinasokoneza mitengo ya matikiti ogulidwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Kupezeka: Apa ndi pamene pamatsimphina, popeza makampani awiriwa ali ndi ndege zowerengeka ndi zala. Pakati pa Lusaka ndi Lilongwe pali makilomita pafupifupi 600 a m'mlengalenga, ulendo wongopitirira pang'ono ola limodzi. Koma Malawi Airlines yakhala ikuzunguza ndege imodzi pa Lilongwe, Lusaka ndi Harare, moti mbali ina ya ulendo wanu ingayambe yatera ku Harare. Onetsetsani tsiku limene ndegeyo ilipo musanalonjeze achibale. Tsiku limene kulibe, kompyuta ya ejenti idzakupatsani njira yodzera ku Nairobi, ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg, ndipo mudzathera tsiku lathunthu ndi ndalama zambiri kuti mufike kwa anansi amene timalankhula nawo chilankhulo chimodzi. Mayiko a mu Africa anagwirizana ku Yamoussoukro, m'dziko la Ivory Coast, mu 1999 kuti atsegule mlengalenga, anabwerezanso ku Addis Ababa mu Januwale 2018 poyambitsa msika umodzi wa maulendo a ndege, koma wapaulendo wa Lusaka ndi Lilongwe sanalawe zipatso zake mokwanira.

Kasamalidwe: Kukhala ndi Ethiopian kumbuyo n'chinthu chachikulu, chifukwa ku Addis Ababa kuli garaja zazikulu ndi sukulu ya oyendetsa ndege ndi mainjiniya. Ndege ikawonongeka angathe kubwereka ina kwa nkhoswe. Komabe ina ija iyenera kuchoka ku Addis Ababa, mtunda wa maola anayi, ndiponso ikhale kuti eni ake sakuifuna tsiku limenelo.

Zoopsa: Kampani imene boma lili ndi gawo lalikulu ingapulumutsidwe ndi ndalama za misonkho ikadwala, koma ingathenso kutengeka ndi mphepo ya ndale, ndipo walira mvula walira matope. Dzina la Ethiopian nalonso si chitsimikizo cha moyo wautali: kampani imene inatsegula ku Mozambique inasiya kuuluka mu 2021, ndipo Tchadia Airlines ya ku Chad, imene inali nayo ndi gawo, inathetsedwa mu 2022. Ine sindigula tikiti ya kampani yaing'ono iliyonse kudakali miyezi yambiri, ndipo ndikamagula ndimalipira ndi khadi la banki kuti pakhale podandaulira.

Airlink ndi South African Airways, njira ya Johannesburg

Mtengo: Njira ya Lusaka ndi Johannesburg ndi imene ili ndi mpikisano weniweni, chifukwa makampani a kuno ndi a kumeneko amalimbirana anthu omwewo. Mitengo imakhala yofikirika miyezi yambiri, n'kukwera mu Disembala ndi pa Isitala. Chimene chimalanga anthu ndi sikelo. Pobwerera ku Lusaka sipalephera mayi wa geni amene wagwada pansi pafupi ndi kauntala, zikwama za ukwa zili yasa, akuchotsa nsapato m'chikwama china kuika m'china, majekete awiri atavala kale m'thupi, mnzake akumuuza kuti, "Amake mwana, chotsaninso makilo atatu." Kilo iliyonse yopitirira ili ndi mtengo wake, ndipo tikiti yotsika yokhala ndi muyeso wochepa wa katundu imatha kudula kuposa inzake.

Kupezeka: Ndege zilipo tsiku lililonse, ulendo wa maola awiri. Airlink imateranso ku Ndola ndi ku Livingstone kuchokera ku Johannesburg, choncho wa kumigodi safunika kudzera mu Lusaka. Kuchoka pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg mumapeza ndege za ku Gaborone, Maputo, Windhoek, Maseru ndi mizinda ya m'kati mwa South Africa.

Kasamalidwe: Airlink, imene si ya boma ndipo inasiyana ndi South African Airways mu 2020, ili ndi ndege zoposa 60 za mtundu wa Embraer, ndipo mu 2024 Qatar Airways inagulamo magawo 25 pa 100. Ndege imodzi ikafa, ina imapezeka. South African Airways inalowa m'manja mwa oipulumutsa ku ngongole mu Disembala 2019, n'kuyambiranso kuuluka mu Sepitembala 2021 ndi ndege zochepa kwambiri poyerekeza ndi kale.

Zoopsa: M'dzinja Johannesburg imakhala ndi mabingu a masana amene amachedwetsa ndege zambiri nthawi imodzi. Pa bwalo lalikulu chikwama chimadutsa m'manja ambiri, choncho ndalama, foni, mankhwala ndi mapepala zikhale nanu pampando.

Makampani aakulu odzera kwawo: Ethiopian, Kenya Airways, RwandAir, Emirates ndi Qatar Airways

Chichokereni British Airways mu Okutobala 2013, wopita ku London kuchokera pa Lusaka amayenera kusintha ndege penapake, ndipo makampani awa ndi amene anatenga malowo, aliyense kudzera kwawo: Addis Ababa, Nairobi, Kigali, Dubai ndi Doha.

Mtengo: Pa maulendo ataliatali awa ndi amene amatsika pa kilomita, ndipo Ethiopian nthawi zambiri imalola zikwama ziwiri za makilo 23 chilichonse, chifukwa chake amalonda opita ku Guangzhou amaikonda. Pa ulendo wa kwa anansi, kudzera kwa iwo n'kutaya ndalama ndi nthawi.

Kupezeka: Emirates inayamba kutera pa Lusaka mu Febuluwale 2012 ndipo Qatar Airways mu Ogasiti 2021. Ethiopian, imene ili ndi ndege zoposa 100, imafika mizinda yambiri ya mu Africa kuposa kampani ina iliyonse, moti wopita ku Accra, Lagos kapena Dakar kawirikawiri amapezeka ali ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Choyang'anitsitsa ndi maola a pakati: osakwana awiri ndi ochepa kwa munthu ndi katundu wake, opitirira asanu ndi atatu amafuna pogona, ndipo mufunse musanalipire ngati kampaniyo imapereka hotela.

Kasamalidwe: Ambiri mwa awa ali ndi garaja zawozawo ndi ndege zatsopano, ndipo akakusiyani panjira pa tikiti imodzi amakupezerani ndege yotsatira popanda kulipiranso.

Zoopsa: Ukulu wa kampani sutchinga tsoka. Pa 10 Malichi 2019 ndege ya Ethiopian ya mtundu wa Boeing 737 MAX inagwa itangonyamuka ku Addis Ababa, anthu 157 n'kumwalira, ndipo ndege zonse za mtundu umenewo zinaimitsidwa padziko lonse kufikira vuto la kapangidwe kake litakonzedwa. Mu Novembala 2022 oyendetsa ndege a Kenya Airways ananyanyala ntchito masiku anayi, anthu n'kusowa mtengo wogwira pa bwalo la Nairobi. Kenya ndi Ethiopia ali m'gulu la mayiko a matenda a yellow fever, choncho amene wakhalitsa kumeneko maola oposa 12 angafunsidwe kabuku ka katemera m'dziko lotsatira. Katundu akapanda kutuluka, musachoke pabwalo musanalembetse dandaulo ndi kulandira nambala yake. Malamulo a maulendo a pakati pa mayiko amapereka masiku 7 odandaulira katundu wowonongeka ndi masiku 21 a wochedwa.

Basi, poyerekezera

Mtengo: Ndi kachigawo kochepa ka tikiti ya ndege, ndipo thumba la ufa kapena la mtedza limakwera nanu mutanenerera. Kupezeka: Pa siteshoni ya mabasi ya Intercity mu Lusaka, kusanache, angwangwazi amakhala akukuwa kale za Chipata, ndipo mabasi amanyamuka tsiku lililonse. Kukafika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570 kudzera ku Chongwe, mlatho wa Luangwa pamene pamanunkhira nsomba zouma, Nyimba, Petauke ndi Katete. Kenako pali chipata cha Mwami ndi Mchinji, chimene kuyambira mu Disembala 2022 mumadinditsa pasipoti malo amodzi, ndiyeno Lilongwe. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Kasamalidwe: Kamadalira mwini basi, ndipo wokwera alibe njira yodziwira za mabuleki. Zoopsa: Pa njira zonse zimene ndatchula, msewu ndi umene umatenga miyoyo yambiri, makamaka m'mapiri okhotakhota a ku Luangwa ndiponso usiku.

Ulendo uti, njira iti

Amene mwaitanidwa ku msonkhano wa tsiku limodzi ku Ndola, Kitwe kapena Solwezi, yerekezerani Proflight ndi Zambia Airways, koma musankhe imene ili ndi ndege ina pambuyo pa yanuyo tsiku lomwelo, ndipo mupite ndi ya m'mamawa. Wa tchuthi ku Livingstone amene tsiku limodzi silingamupweteke atenge yotsika mtengo mwa ziwirizo.

Uthenga wa maliro ukabwera kuchokera ku Lilongwe, Mchinji kapena Dedza, funsani kaye ngati ndege yolunjika ilipo lero kapena mawa m'mawa. Ngati ilipo ndipo thumba likulola, kwerani. Ngati ejenti wayamba kutchula Nairobi kapena Addis Ababa, pitani ku Intercity, chifukwa basi ya m'bandakucha ingakufikitseni mofulumira kuposa ndege yozungulirayo. Opita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale kapena ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, msewu wa Great East ndi wanu, pokhapokha ngati pali wokudikirani ndi galimoto ku Mfuwe.

Wa geni wopita ku Johannesburg ayambe kuwerengera makilo a pobwerera asanayang'ane mtengo wa tikiti, ndipo katundu wochuluka amutumize pamsewu. Wodwala wopita ku chipatala ku South Africa kapena ku India, amene tsiku lake ndi dokotala silisunthika, atenge kampani ya ndege zambiri, agule tikiti yotheka kusintha tsiku lobwerera, ndipo afike kutatsala tsiku limodzi. Mwana wa sukulu amene akukwera ndege koyamba kupita ku Ulaya, ku China kapena ku America mum'gulire ulendo wonse pa tikiti imodzi, ngakhale itadulirapo, ndipo pa bwalo losinthira ndege mum'siyire maola osachepera atatu.